Mawa Ndipita Kwathu

Pa nyumba yathu yosanja ya ku Wedding, dera lina la mumzinda waukulu wa Ajeremani, panalibe munthu amene sankamudziwa Alwin Paschke, komanso panalibe amene ankamudziwa bwino. Ankakhala ndi mkazi wake Hulda pamwamba penipeni, mbali ya kuseri kumene dzuwa limangosuzumira masana n'kuthawa. Anali wamtali, wowerama pang'ono, wa manja ofewa ngati a mzamba. Chimene chinkadabwitsa anthu n'chakuti akamakwera masitepe ankalankhula yekha chilankhulo chimene sichinali chathu. Ankalankhula, kenako n'kutsokomola kawiri, n'kulankhulanso, n'kuseka kaphwete kamodzi, ndipo tsiku lililonse ankatsokomola ndi kuseka pamalo omwewo. Amayi okhala m'zipinda za pansi ankati mutu unamusokonekera. Bodza lenileni! Mutu wa Alwin unkagwira kuposa ya onse amene ankamujedawo. Kungoti anasenza mawu a munthu wina, ndipo anachedwa kukawatula.

Ntchito yake inali yojambula mawu. Anaiyamba ali ndi zaka makumi awiri pa fakitale ina yopanga magalamafoni, nthawi imene mawu ankajambulidwa pa timigolo ta phula, totalika ngati chikhatho, tobowoka pakati. Anthu a ntchitoyi ankangoti phula, basi. Munthu ankaimba kapena kulankhula m'kamwa mwa lipenga lachitsulo, singano n'kumakanda phula likuzungulira, mawu n'kutsalira mmenemo. Zikumveka zophweka, eti? Kayeseni. Phula likazizira limauma, singano imangotsetsereka. Woimba akakweza mawu, singano imalumpha. Ndiye wojambula ankaima pambali, dzanja lili pankhongo pa woimbayo, kumukankhira kulipenga akamatsitsa mawu, kumukokera m'mbuyo akamakweza. Pomaliza ankaliza kachitoliro kamodzi, kuti wodzamvera adzadziwe liwiro loyenera kuzunguzira makina. Alwin anagwira nkhongo za anthu ambirimbiri, oimba a m'tchalitchi, anthabwala a m'malo omwera mowa, mpaka chinkhwe cha mkazi wa bwana wa fakitale anachijambula chikutukwana.

Koma mwana wake sanamujambule. Anali naye mmodzi yekhayo, Benno. Tsiku loti mawa lake akwera sitima ya asilikali, m'chaka cha 1915, mnyamatayo anati ali patebulo, "Bambo, bwanji mundijambuleko inenso? Amayi azidzamvera akandisowa."

Alwin anali atatopa, ndipo makina ojambulira anali kufakitale. Anati, "Iwe, mawu akowo ngati chitseko chosathira mafuta, ukufuna undithyolere singano? Ukadzabwera tidzajambula."

Anaseka onse atatu. Mu Malichi chaka chotsatira kunabwera kalata yoti Benno wasowa kunkhondo ya kum'mawa, m'madambo, ndipo sakudziwika komwe ali. Sinanene kuti wafa. Kuyambira tsiku limenelo Hulda anasiya kukhoma chitseko, ndipo awiriwo anapitiriza kuitanana kuti Bambo ndi Mayi monga ankachitira mwana ali m'nyumba.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho fakitale inabwereketsa Alwin kwa munthu wina wophunzira, Pulofesa Rautenberg. Anali aafupi, andevu zosongoka, oyenda mothamanga ngati aiwala mphika pamoto. Iwo anali ataona kuti m'misasa ya akaidi a nkhondo mwadzaza amuna a zilankhulo zonse, Arasha, Afalansa, Amwenye, ndi ena oti mayina a kwawo sitinkatha n'kutchula komwe. Kwa ife nkhondo inali maliro, koma kwa a Pulofesa inali msika wobwera wokha pakhomo. Ankafuna mawu a anthu onsewa pa phula, makamaka liwu limodzi limene anakhala akulilondola zaka makumi atatu, liwu lonena za kuyenda.

Anamufotokozera Alwin ali m'sitima, bokosi la makina lili pakati pawo.

"Tamverani, Bambo Paschke. Kalekale, zaka zikwi zisanu kapena kuposa, kunali anthu oweta ng'ombe ndi mahatchi kuzigwa za udzu za kum'mawa. Sanasiye kalata, sanasiye mwala wolembedwa. Koma akafuna kunena za kuyenda ankatulutsa kaliwu kakafupi, ei. Ndiye anthuwo anabalalika, ena uku ena uko, kaliwuko kali m'kamwa. Ku Roma kanasanduka ire, ku India eti. Mrasha akamayenda amati idu, Mfalansa akati adzapita amati irai. Onsewa ndi ana a mayi mmodzi!"

"Nanga ifeyo, a Pulofesa?"

"Ife tinakataya panjira n'kutola kena."

"Ndiye anthu akalewo anawamva ndani akulankhula?"

"Palibe! N'chifukwa chake m'buku timaika kanyenyezi patsogolo pake, kusonyeza kuti khutu la munthu wamoyo silinakamvepo. Timangokayerekeza poyang'ana ana ake, monga mmene mungayerekezere nkhope ya malemu poyang'ana zidzukulu."

Alwin anayang'ana pazenera. Anaganiza za anthu amene anayenda n'kupita, popanda wowajambula, ndipo mtima unamuwawa.

Tsopano mverani zimene a Pulofesa anachita. Pofuna kuti liwu lawo lituluke mofanana m'kamwa mwa aliyense, analemba chiganizo chimodzi choti mkaidi aliyense anene m'chilankhulo chake: "Mawa ndipita kwathu." Koma anthu ophunzira, abale! Sanali munthu woipa, fodya ankagawa ndithu, kungoti sizinawafike m'mutu kuti akuuza munthu wotsekeredwa kuseri kwa waya waminga, woti sakudziwa ngati adzaonanso kwawo, kuti anene zimenezo mokweza ndiponso momveka bwino. Amuna akuluakulu ankafika pa lipenga, n'kuyamba bwinobwino, mawu n'kuwathawa pakati. A Pulofesa ankangodandaula kuti phula likutha, abwerezenso. Alwin ndi amene ankamva nkhongo zikunjenjemera m'dzanja lake.

Nayenso anali ndi kantchito kake kamseri. Mkaidi aliyense wochokera kunkhondo ya kum'mawa ankamuonetsa chithunzi cha Benno, n'kumufunsa ngati anamuonapo. Onse ankapukusa mitu.

Mu Disembala anafika pa msasa wina wa pachigwa chamchenga, kukuzizira koopsa. Anawapatsa chishedi chopanda moto, moti Alwin anaika phula m'kati mwa jekete, m'khwapa monse muwiri, kuti lifunde. M'chishedi mmenemo ndi mmene analowa Baltrus Norkus, mwamuna wa ku Lithuania wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, amene anagwidwa ali msilikali wa Arasha. Kwawo kunali kufupi ndi malire, kuseri kwa tawuni ya Taurage, ndipo nkhondo isanayambe iye ndi mkazi wake ankagulitsa atsekwe pamsika wa ku Tilsit, mbali ya Ajeremani, choncho Chijeremani chapamsika ankachidziwa. Anali woonda, masaya olowa, koma pakamwa pake panali posatseka.

"Bambo wa lipenga," anatero ataona Alwin atafumbata manja, "mukufungatira mazira kodi? Akaswa mundipatseko kamwana, ndine katswiri wa atsekwe."

Alwin anaseka, kuseka koyamba chibwerere kalata ija. Kenako anatulutsa chithunzi. Baltrus anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kumene mnyamatayo anasowera. Atauzidwa anati, "Kumeneko ndi dziko lathu, kungoti kutsogolo. Aliyense wobwerera wapansi kuchokera uko amadutsa njira za kwathu. Koma sindinamuone, bambo. Ndikanakunamizani kuti mugone bwino, koma ayi."

A Pulofesa anali akuvinavina ndi chimwemwe, poti anthu a ku Lithuania, malinga ndi iwo, ndi amene anasunga liwu lija pafupifupi mmene linalili. Alwin anaika phula, n'kuyendetsa makina, n'kugwira nkhongo ya Baltrus. Inali yotentha ngati mbale ya supu, munthuyo anali akudwala.

"Rytoj eisiu namo," anatero Baltrus m'lipenga. Mawa ndipita kwathu.

Apa anayenera kusiya. Sanasiye. Anangopitiriza kulankhula chilankhulo cha kwawo, mofulumira, motsitsa, ngati munthu amene akutsanzika sitima ikunyamuka. A Pulofesa anakweza dzanja kuti Alwin achotse singano, koma Alwin anachita ngati sanaone, n'kumukankhira munthuyo pafupi ndi lipenga. Baltrus anatsokomola kawiri, analankhulanso, anaseka kamodzi, n'kumaliza phula likutha. Mwachizolowezi Alwin analiza kachitoliro kake.

"Lawonongeka limenelo," anatero a Pulofesa mokwiya. "Wathamanga ngati akugulitsa malonda, sindinatolepo kanthu. Mukalipale, Bambo Paschke. Iwe, nena chiganizo chokhacho!"

Phula lowonongeka linkapalidwa pamwamba kuti lijambulidwenso. Anajambula lina, Baltrus ananena mawu atatu aja okha, ndipo a Pulofesa anapita kukamwa khofi ndi akuluakulu a msasa. Atangotuluka, Baltrus anagwira mkono wa Alwin.

"Musalipale, bambo. Mkazi wanga Agota sadziwa kuwerenga. Makalata amamuwerengera woliza limba wa kutchalitchi, ndiye munthu ungalembe chiyani choti chidutse m'kamwa mwa mwamuna wina? Koma woliza limbayo ali ndi galamafoni ngati yanuyi. Mudzi wathu uli m'manja mwa asilikali anu, positi ikuyenda. Tumizani msanga, muli uthenga mmenemo."

"Uthenga wanji?"

"Aaa, bambo wa lipenga, inu mumauza anthu zimene mumanong'oneza mkazi wanu?"

Anagwirana chanza. Alwin anakopera dzina la mudzi kuchokera pa pepala la a Pulofesa, phulalo n'kulibwezera m'khwapa. Atadzabweranso pa msasa umenewo mu Febuluwale anamva kuti Baltrus anamwalira ndi chifuwa, ndipo anaikidwa kuseri kwa waya pamodzi ndi anzake.

Alwin sanali munthu wothyola lonjezo. Bokosi analipeza, thonje analipeza, dzina la Agota analilemba pamwamba. Koma Lamlungu lina masana, Hulda atapita kwa mng'ono wake, anaganiza zolimvera kamodzi kokha, kungofuna kutsimikiza kuti silinang'aluke panjira. Ankadziwa bwino lomwe lamulo la ntchito yake, loti phula silimveredwa chisawawa, chifukwa singano ikadutsa imadyako pang'ono. Anatsitsa makina ake akale omverera pamwamba pa kabati n'kuliika. M'chipinda chimene munakhala muli zii kwa chaka chathunthu munamveka mawu a mwamuna wachinyamata akunena kuti mawa apita kwawo. Zotsatirazo Alwin sanamvepo n'kamodzi komwe, koma anakhala pampando mpaka kachitoliro kanalira, misozi ikuyenderera m'ndevu.

Lamlungu lotsatira anamveranso. Ankadziuza kuti positi ya nkhondo ingaliswe, bola adikire. Nkhondo itatha ankati m'misewu muli mfuti, bola adikire. Kenako ankati malire asintha. Zifukwa sizisowa munthu akamazifuna! Choonadi n'chakuti sankafuna kukhalanso m'nyumba yopanda mawu aja, ndipo ankadziwa kuti akuba.

Zinaululika Lachitatu lina m'chaka cha 1921. Makina a kufakitale anaima, antchito anauzidwa kuti azipita, ndipo Alwin anafika pa nyumba dzuwa lili paliwombo. Ali pakati pa masitepe anamva mwamuna akulankhula m'chipinda chake. Anamva kutsokomola kuja, kawiri. Anaima pomwepo, poti munthuyo anamwalira zaka zinayi zapitazo ndipo lero silinali Lamlungu. Anakankha chitseko chosakhomacho. Hulda anali atakhala patebulo, manja ali pa epuloni, khutu lili pafupi ndi lipenga.

Anadikira kachitoliro kalire, kenako Alwin anati, "Mayi, munayamba liti?"

"Mwezi womwe munabwera nalo. Nanga inu, Bambo, mumayesa sindidziwa? Chivundikiro cha bokosi mumabwezera chopendekera Lamlungu lililonse."

"Si lathu limeneli."

"Ndikudziwa. Koma amaseka ngati Benno."

"Benno sankaseka choncho."

"Ankaseka bwanji nanga?" anatero Hulda, akumuyang'ana m'maso. "Tandiuzani, inu katswiri wa mawu. Ankaseka bwanji mwana wathu?"

Alwin anayesa kukumbukira. Anafufuza m'mutu mwake mawu a Benno, mmene ankaitanira amayi ake ali pansi pa masitepe, ndipo amene anabwera anali mawu a Baltrus. Anachita mantha amene sanawamvepo ngakhale tsiku la kalata lija. Anachotsa phulalo n'kupita nalo pazenera. Mizere yake inali itatuwa, itafafanizika ngati njira imene anthu ayendamo kwambiri. Iye ankawerengera Lamlungu lokha, osadziwa kuti phulalo linkazungulira pafupifupi tsiku lililonse. Makutu awo anali atazolowera, moti ankamva ndi mtima zimene singano inasiya kale kutulutsa.

Alwin ananyamuka kumayambiriro kwa Novembala, makina ali m'bokosi kumsana, phula lili m'khwapa. Anakwera sitima mpaka ku Tilsit, anawoloka mtsinje, anapempha malo pa ngolo ya munthu wina wonyamula mbatata, kwinako anayenda wapansi m'matope. Anafika m'masiku okumbukira akufa. Agota Norkus anali mayi wamfupi, wa nkhope youma ndi mphepo, ndipo za imfa ya mwamuna wake anali atazimva kalekale kwa wansembe. Anali ndi mwana wamkazi, Morta, amene anali wakhanda pamene bambo ake ankatengedwa. Atamva chimene mlendoyo wabwerera, Agota anagwira khoma kaye, kenako anatuma mwanayo kuti akaitane anansi.

Tebulo linali litayalidwa kale nsalu yoyera, ndipo kumutu kwake kunali mbale ndi supuni za Baltrus, phala ndi buledi wakuda zili pomwepo, monga amachitira masiku amenewo. Agota anasuntha mbaleyo pang'ono kuti makina akhale pamalo a mwamuna wake. Anthu anadzaza m'nyumba, amuna atavula zipewa. Alwin anafunditsa phula m'manja, analiika, n'kutsitsa singano.

Munamveka mkokomo ngati wa mvula pa denga la udzu. Penapake pansi pa mkokomowo pankamveka kanthu kokwera ndi kutsika, koma sikanali mawu, munthu sakanatha kunena ngati ndi mwamuna kapena mphepo. Anthu anawerama, anaika manja kumakutu. Mkokomo unapitirira mphindi ziwiri zathunthu. Pomaliza panamveka bwinobwino, mosabisika, kachitoliro ka Alwin.

Alwin anachotsa singano. Mkulu wina wa kukhomo analankhula chinachake, ena n'kuseka monyoza, ndipo Alwin sanafunike womasulira. Morta ankasuzumira m'lipenga ngati akufuna kuona amene wabisalamo.

"Ndi zomwezi?" anafunsa Agota m'Chijeremani chake chapamsika.

"Ndi zomwezi, mayi. Mawuwo anali omveka bwino pamene ndinkawalandira. Tinawadya ife, ine ndi mkazi wanga. Tinkamvera tsiku ndi tsiku mpaka atha."

Anaweramitsa mutu kudikira kuti amutulutse. Ndiye, osaganiza n'komwe, anatsinzina, n'kuika dzanja pankhongo pake, pakamwa n'kutseguka pokha. "Rytoj eisiu namo." Ndipo sanasiye. Mawu amene anawamva kambirimbiri osadziwa tanthauzo lake anatuluka onse m'ndondomeko yake, mofulumira, motsitsa, ndi katchulidwe ka m'mudzi momwemo. Pamalo potsokomola anatsokomola kawiri. Gogo wina anakuwa n'kudzilemba mtanda. Penapake anthu anaseka mosafuna, penapake Agota anayankha mokweza ngati mwamuna wake waima pakhomo. Alwin anaseka kaphwete kaja. Koma atafika chakumapeto anamva kuti m'nyumba mwazizira, ndipo atatsekula maso anaona Agota atagwira pakamwa, anansi akuyang'ana pansi. Mmodzimmodzi anatenga zipewa zawo n'kutuluka.

"Mukudziwa zimene mwanenazi?" anafunsa Agota.

"Mawu atatu oyamba okha."

"Wati ndisagulitse tsekwe wamwamuna wolumala uja, poti ndi yekhayo m'banja mwathu amene ali ndi nzeru. Wati Morta ndizimuuza kuti bambo ake anali okongola, ngakhale ndi bodza. Wanenanso zina zimene si zanu." Anapumira m'mwamba. "Phulali munalilandira liti?"

"Mu Disembala, 1916."

Agota anawerenga zala, n'kuziwerenganso. Kenako anati, "Pomaliza wanena za inu. Wati, Mjeremani amene wandigwira pankhongoyu ali ndi manja abwino. Mwana wake anasowera cha kwathu kuno. Agota, mnyamata wa Chijeremani akadzagogoda ali wapansi, wanjala, wopanda mfuti, usadzayang'ane malaya ake. Udzamutsekulire, udzamupatse buledi, ali ndi amayi ake akumudikira."

Alwin anafuna kuthokoza, koma nkhope ya mayiyo inamuletsa.

M'mawa mwake Agota anamutenga kupita naye kumapeto kwa munda, poyambira nkhalango. Panali kamtumbira kakang'ono, kamtanda ka timitengo tiwiri, kopanda dzina. Pamwamba pake panali chidutswa cha buledi chimene mayiyo anaikapo dzulo lake.

"Munali mu Januwale, 1919," anatero. "Anthu ankadutsa ambiri nthawi imeneyo, obwerera kwawo kuchokera kwa Arasha. Uyu anafika dzuwa likulowa, chipale chikugwa. Anagogoda katatu, akulankhula chilankhulo chanu. Asilikali anu anali atatitengera hatchi ndi ng'ombe yomwe, ndipo ine ndinali ndekha ndi mwana. Ndinakhala chete kuseri kwa chitseko mpaka anasiya. M'mawa tinamupeza atatsamira khola, atauma. Kumapazi anali atakulunga nsanza, anali atayenda mtunda wautali zedi. Mfuti analibe, pepala analibe."

Alwin anatulutsa chithunzi cha Benno. Agota anachiyang'ana nthawi yaitali, monga anachitira mwamuna wake.

"Sindingadziwe, bambo. Anali ndi ndevu, nkhope itatupa ndi chisanu. Anyamata otere anali zikwizikwi m'misewu, mwina si wanu." Anamubwezera chithunzicho. "Koma ndikuuzeni zoona. Ndikanamva mawu a Baltrus, ndikanatsekula. Mwamuna wanga sindinamukanirepo kanthu."

Agota sanamudzudzule Alwin, ndipo iye sanamudzudzule mayiyo. Anaima pamenepo awiriwo mpaka mapazi anachita dzanzi. Asanachoke, Agota anamupempha kuti anenenso mawu aja kuti Morta amve bwino, ndipo ananena katatu. Makina ndi phula lopanda kanthulo anazisiya patebulo pomwepo.

Atafika ku Wedding anapeza Hulda akumudikira pamwamba pa masitepe.

"Anamva, Bambo?"

"Anamva."

"Nanga ankati chiyani munthu uja zaka zonsezi?"

Alwin anavula chipewa, n'kuchikoloweka pa msomali. Anayang'ana chitseko, anayang'ana mpiringidzo umene unachita dzimbiri chifukwa chosagwiritsidwa ntchito.

"Za atsekwe, Mayi," anatero. "Ankangonena za atsekwe."

Buku la a Pulofesa linatuluka patapita zaka zitatu, lolemera ngati njerwa, ndipo anamutumizira Alwin limodzi. Pansi pa kaliwu ka kanyenyezi kaja panali mndandanda wa ana ake onse, a ku Roma, a ku India, a ku Russia, ndipo pakati pawo panali eisiu, ndi nambala ya phula pambali pake. Dzina la Baltrus munalibe. Alwin analiika pamwamba pa kabati, pamalo pamene pankakhala makina, ndipo sanalitsekulenso. Ntchito yojambula anaisiya, n'kukalowa kumbali yolongedza katundu, poti sankafunanso kugwira nkhongo ya munthu.

Anakhala nafe zaka zina khumi. Apa ndi pamene anayamba kulankhula m'masitepe, madzulo aliwonse akamaweruka, kuyambira pa sitepe yoyamba mpaka yomaliza, mphindi ziwiri ndendende, ngati uthengawo ukadali panjira. Ife tinkaseka, Mulungu atikhululukire. Chimene ochepa okha tinkachiona ndi chimene ankachita akafika pamwamba. Chitseko chinali chosakhoma, ndipo iye ankadziwa, koma sankachikankha. Ankaima n'kugogoda katatu. Ndipo Hulda, amene anamwalira osadziwa chifukwa chake, ankasiya chilichonse chimene anali nacho m'manja n'kuthamanga kukatsekula.